Akukhululukirani Mwala Umene Simunaponye

IDWAL PROSSER
wa ku Abercelyn
1910 – 1983

Bambo, lero zakwana zaka makumi anayi ndi ziwiri chitisiyireni. Chaka ndi chaka takhala tikukulemberani timizere tinayi m'nyuzipepala muno, toti muuse mumtendere ndi zina zotero, koma chaka chino ndawauza kuti andisiyire malo okwanira chifukwa ndili ndi nkhani. Ndine Eirlys, mwana wanu wachiwiri. Ndakalamba, Bambo, moti zaka ndakuposani, ndipo kuleza mtima kumene munandiphunzitsa kunandithera kalekale.

Nkhani yake ndi iyi: boma lakukhululukirani. Mwezi wathawu lalengeza kuti inu ndi amuna ena a m'zigwa zino, amene munamangidwa pa ziwawa za ku migodi ya malasha mu 1935, lilibe nanunso chifukwa. Anthu akumandiimitsa mumsewu n'kundigwira chanza, ati ndikondwere. Ine sindinakondwere ngakhale pang'ono. Munthu amakhululukidwa pa zimene anachita, ndipo mwala umene unaphulitsa diso la wapolisi uja simunaponye ndinu. Amene anauponya ndikumudziwa, monga munkamudziwira inu, Amayi, ndi mudzi wonse wa Abercelyn. Tikanamutchula, mlandu wanu ukanafafanizidwa n'kukhala ngati simunazengedwepo. Koma munatiletsa kutchula dzina lake, ndipo chiletso chimenecho ndi chomwe ndabwera kudzakangana nanu lero.

Chithunzi chili pamwambachi ndasankha dala. A nyuzipepala ankafuna chija cha pakhomo pa khoti, muli mu unyolo, chifukwa ndi chomwe aliyense amachidziwa. Ndawakanira. Apa muli kuseri kwa nyumba yathu, pakhola la nkhunda, mwanyamula ija munkaitcha Mayi Dikoni chifukwa choyenda modzitukumula ndi kujompha zinzake. Mukuseka pakamwa ponse, timabala ta malasha tikuoneka pachipumi. Bambo amene ife tinkawadziwa ndi amenewa.

Tikukumbukira kuti simunkafuna chitseko chotseka. Chisanu chigwe chotani, chitseko cha kuchipinda kwanu chinkakhala pululu, ndipo cha kuchimbudzi munachita kuchichotsa loko, moti alendo ankaimba nyimbo ali m'kati kuti tidziwe kuti muli munthu. Tili ana tinkangoti ndi timisala tanu, sitinkadziwa kuti ndi ndende inakusiyirani zimenezo. Kusoka munkawaposa Amayi. Mukaona chidendene changa chikusuzumira pa sokosi munkandikhazika pampando n'kutenga singano, mukunena kuti, "Zaka zinayi ndikusokera Mfumu matumba a makalata, kasokosi kako aka kangandikanike?" Tinkaseka, inunso n'kuseka mpaka kubanika ndi chifuwa. Amayi okha ndi amene sankaseka nthabwala imeneyo.

Za tsiku lija ndinazimva kwa Amayi ndi kwa azimayi ena amene analipo, poti ine ndinali ndisanabadwe. Anthu anali atanyanyala ntchito, eni mgodi n'kubweretsa amuna akunja oti azikumba m'malo mwanu, apolisi akuwaperekeza polowa ndi potuluka. Masana ena mudzi wonse, azimayi ndi ana omwe, unakawatchingira pamlatho. Apolisi anayamba kukwapula ndi zibonga, miyala n'kuyamba kuuluka. Mnzanu wapamtima, amene munkakumba naye malo amodzi, amene munkatsukana naye misana mukaweruka, anazula mwala pakhoma la mlatho n'kugenda. Wapolisi wina wachichepere, wochokera kutali, anagwa chagada. Anthu anabalalika, mnzanuyo ali patsogolo. Inu munatsala. Munavula jekete n'kumutsamiritsa mnyamatayo, kenako munamugwira pabala kuti magazi asiye kutuluka. Apolisi anzake atafika anapeza munthu mmodzi yekha atagwada pamenepo, manja ali magazi okhaokha, ndipo sanafunenso kufufuza kwina.

Mwambo wa m'chigwa muno mumaudziwa kuposa ine. Munthu wa mumgodi satchula mnzake kwa apolisi, zivute zitani, chifukwa pansi paja denga likayamba kulira, wokukoka mwendo kuti upulumuke ndi mnzakoyo. Mwambowo sindikuunyoza. Koma uli ndi mbali yachiwiri imene anthu a kuno anasankha kuiiwala: wolakwa akaona kuti mnzake akumira m'malo mwake, amayenera kudzuka yekha n'kunena kuti ndine. Inu munasunga mbali yanu, mukudikira kuti iye asunge yake. Amayi ankati chitseko cha khoti chikangotseguka munkacheuka. Woweruza anakufunsani mobwereza ngati munaona amene anagenda, inu munayankha kuti kunali fumbi. Mvula inali itagwa sabata yonseyo, ndipo aliyense m'khotimo ankadziwa. Anakupatsani zaka zinayi za ukaidi wa kalavulagaga, Amayi ali ndi pakati pa Hywel. Mwana wanu woyambayo munamuona akulankhula kale, ndipo anakabisala kuseri kwa siketi ya amayi ake poopa mlendo.

Mutatuluka, mudzi unakulandirani ndi tiyi ndi nyimbo kwa tsiku limodzi, basi. Eni migodi anali atauzana kuti asadzakulembeninso ntchito, choncho munkasenza matumba a malasha a anthu ndi kukumba manda, mpaka nkhondo itabwera n'kusowa amuna, ndi pomwe anakumbukira kuti mumadziwa kugwira piki. Akulu ampingo anali atakuchotsani kale mumpingo ndi m'kwaya chifukwa chokhetsa magazi. Ena mwa iwo anali pamlatho paja ndipo anaona zonse ndi maso awo. Lamulungu lililonse munkaima pakhoma la tchalitchi ngati mukukonza kaliwo wanu, koma ine ndinakumvani kangapo mukuimbira limodzi chapansipansi, mawu anu a besi aja. Kusukulu ankanditcha mwana wa kaidi. Ondinyozawo anali ana a anthu amene anagenda nawo tsiku lomwelo.

Mnzanu uja zinamuyendera. Anali ndi pakamwa, ndiye anamusankha kukhala mtsogoleri wa bungwe la anthu a mumgodi, kenako khansala, kenako wapampando wa chilichonse chokhala ndi mpando. Chaka chilichonse pa chikumbutso cha ziwawa zija ankaima pamaso pa anthu n'kumalankhula za abale athu amene anazunzika m'ndende, akukulozani inu, mawu akunjenjemera. Anthu ankaomba m'manja, inu mutazolika. Khirisimasi ikafika ankatumiza tsekwe wonona kunyumba kwathu. Chaka china Amayi anamunyamula tsekweyo pakhosi n'kukuonetsani.

"Idwal, ndiye zaka zinayi zija ndi zimenezi? Mwamuna wanga ndi wotchipa chonchi?"

"Ceinwen, tsekwe sanalakwe. Phika ana adye."

"Aphike mkazi wake."

Anamuponya kuseri kwa mpanda, galu wa aneba athu a Beynon n'kuchita naye Khirisimasi. Ife tinadya mbatata ndi kabichi, ndipo palibe anadandaula.

Ndili mtsikana wamkulu ndinakutsatirani kukhola la nkhunda tsiku lina, mtima uli m'malere chifukwa makolo a mnyamata wina anali atamuletsa kuyenda ndi ine. Ndinakufunsani chifukwa chimene simunkanenera zoona. Munapitiriza kupala zitosi ngati simunamve, kenako munati, "Ndikanena, zaka zija zibwerera? Munthu uja anali ndi ana atatu. Ndinakhala chete kuti asakule opanda bambo. Ndikayankhula lero ndiye kuti ndinakavutika pachabe." Ndinati, "Nanga Hywel sanakule wopanda bambo?" Munangondigwira paphewa ndi dzanja lanu lokhakhala lija n'kunena kuti, "Dzina limenelo lisadzatuluke pakamwa pa mwana wanga, ndili moyo kapena nditafa. Wamva, Eirlys?" Ndinati ndamva. Ndinkakukondani kwambiri moti mukanandiuza kuti ndimeze khala la moto ndikanameza.

Fumbi la mumgodi litakumalizani, maliro anu anayenda monga mwa mwambo wa kuno, amuna okhaokha kumanda, azimayi kutsala pakhomo. Ife amene tinakusambitsani ndi kukutembenuzani pabedi miyezi yonse ija tinatsala m'khitchini, tikucheka buledi ndi nyama ya nkhumba yoti amunawo adzadye pobwera. Tinasuzumira pawindo bokosi likutuluka. Kutsogolo, dzanja lamanja, analipo mnzanu uja, atanyamula nawo bokosilo, atavala jekete lakuda labwino kuposa onse, misozi ili mbwembwembwe. Amayi anamuyang'ana mpaka anakhota pakona, ndipo anati, "Wamusenza kamtunda kakafupi bwanji, pomwe Idwal anamusenza iye moyo wonse." Atatero anabwerera kukacheka buledi.

Mnzanu uja nayenso anamwalira patapita zaka zingapo, osanena kanthu kwa anthu. Amayi anamutsatira. Hywel naye anapita, ndipo kufikira tsiku lomaliza sanathe kukutchulani popanda kukukuta mano, osati chifukwa chodana nanu, koma chifukwa cha ubwana umene anamulanda. Amene anadzutsanso nkhaniyi ndi Lowri, mdzukulu wa Hywel, mphunzitsi, mwana wouma mutu ngati Amayi. Simunamuone, koma mukanagwirizana naye. Anayenda m'maofesi zaka zambiri mpaka boma linakhazikitsa kabungwe kounikanso milandu yakale ya anthu a m'migodi. Loya anatifotokozera kuti njira zilipo ziwiri. Yoyamba, chikhululukiro cha onse pamodzi, olakwa ndi osalakwa omwe, chimene chimasiya mlandu uli chilembekere. Yachiwiri, kufafaniza mlandu wanu wokha, koma pamafunika umboni watsopano. Anati tikatchula munthu amene anagenda, abale ake amene ali moyo akhoza kuitanidwa n'kulumbiritsidwa kuti anene zomwe akudziwa.

M'bale wake wamoyo alipo, mwana wake wamkazi, amene ndinkakhala naye desiki imodzi kusukulu. Chaka chilichonse pa Lamulungu la Kanjedza, pamene mabanja onse a kuno amakatsuka manda ndi kuikapo maluwa, timapeza wina watitsogolera kuika maluwa achikasu pamanda anu. Tinkadziwa kuti ndi iyeyo. Chaka chatha ndinalawira n'kumupezerera atawerama pamwala wanu.

"Wabweranso ndi timaluwa tako," ndinatero.

"Eirlys, usayambe. Pano ndi pamanda."

"Ndiye pabwino, onse akumva. Bambo ako anakuuza kapena sanakuuze?"

Anakonzakonza maluwa amene anali okonzeka kale. Kenako anati, "Anandiuza ali m'chipatala. Analira ngati mwana."

"Ndiye tiye ukawauze a bungwe aja. Ndalama ya ulendo ndikulipirira ine."

"Iwe, ine ndili ndi zidzukulu m'mudzi muno. Ziziyenda bwanji mumsewu?"

"Mmene ndinkayendera ine."

"Usandisenzetse zimenezo, mwali. Bambo ako anasankha okha kukhala chete. Anawakakamiza ndani?"

Sananame, Bambo. Ndinatola maluwa akewo n'kumubwezera m'manja, ndipo anapita nawo.

Tsiku lokaonekera ku kabungwe kaja ndinapita ndi Lowri pa sitima. Anatilandira bwino, anthu aulemu, tiyi ndi mabisiketi. Mayi amene ankatsogolera anandimvetsera mpaka kumapeto, ndipo anati, "Mayi Eirlys, nkhani yanu tikuikhulupirira. Koma popanda dzina manja athu ndi omangika. Anagenda ndani?" Lowri anandifinya dzanja pansi pa tebulo n'kundinong'oneza kuti, "Agogo, nenani. Anthu onsewo anafa kale. Mukuopa chiyani?" Dzinalo linali palilime penipeni. Ndinatsegula pakamwa, koma ndinamva dzanja lanu lija paphewa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti bambo anga anandiletsa. Mayiyo anavula magalasi n'kundiyang'ana mwachisoni. Pobwerera Lowri anakhala moyang'ana pawindo ulendo wonse, misozi ikutsika, osandilankhula. Mpaka lero akabwera kudzandiona amangofunsa za mankhwala ndi za nyengo. Ntchito yake ya zaka zonse zija ndinaigwetsa ndi mawu atatu, pofuna kumvera munthu amene anagona kale kumanda.

Ndakwiya nanu, Bambo, ndipo ndikufuna mudziwe. Munali munthu wabwino kuposa onse amene ndinawadziwa, koma ubwino wanuwo tinaulipira ndife. Munateteza ana a mnzanu, anu n'kuwasiya pamtetete. Munasunga mwambo umene mudzi wonse unauphwanya pa inu, kenako munatimangirira nawo ife, ngati kuti ndende ija sinakwane munthu mmodzi.

Ndiye chikhululukiro cha onse pamodzi chija chinabwera. Nduna ina inafika kuno ndi magalimoto ake, gulu la malipenga linaimba, kwaya ya tchalitchi chomwe chinakuchotsani chija inaimbanso, osachita manyazi. Mwambowo anaupangira mu holo ya anthu a mumgodi. Inu munaisiya ilibe dzina, koma mnzanu uja atamwalira anaitcha dzina lake, zilembo zikuluzikulu pamwamba pa khomo, ndipo chithunzi chake anachipachika pamwamba pa nsanja. Nduna inaima pansi pa chithunzi chimenecho n'kunena kuti boma lasonyeza mtima wachifundo kwa amuna amene analakwa chifukwa cha njala. Mwana wake wamkazi uja anali pamzere wakutsogolo, akuomba m'manja. Ataitana dzina lanu kuti ndikalandire chipepala chawo, sindinadzuke. Anaganiza kuti vuto ndi miyendo, ndiye nduna inatsika yokha kudzandipatsa pampando, ikumwetulira, ojambula ali pambuyo pake. Manja ndinawasiya pandodo. Ndinati, "Bambo anga sanalakwe. Kapatseni amene analakwa." Mu holo monse anthu ankangoyang'ana nsapato zawo, mpaka wina anakodola a malipenga kuti ayambe nyimbo.

Otsala okulirani ndife ochepa tsopano. Nesta, chitsiriza wanu, ali kunyumba yosungira okalamba, mutu unasokonekera, koma ndikapita amandifunsabe ngati a khoti avomera kuti munali wosalakwa. Ndimamuuza kuti ali pafupi. Alipo Lowri ndi ana ake awiri, amene kusukulu awaphunzitsa kuti agogo awo anapweteka wapolisi koma boma linawachitira chifundo. Ndiye pali ine, amene madokotala akuti mtima wanga watopa. Ndikapita ine, wotsutsa zimene ana aja akuphunzira sadzakhalapo.

Dzina lija sindinalitchule, Bambo. Werengani kuyambira pamwamba mpaka pano, simulipeza. Pakamwa panga silinatuluke, monga munandilamulira. Ndangonena kumene mwambo unachitikira, ndipo holo m'mudzi muno ndi imodzi yokha. Ndikudziwa kuti mukanati ndachita ukathyali, ndipo mwina ndi zoona. Ngati mukufuna kundikalipira, dikirani pang'ono, sindichedwa kubwera.

Sitidzakuiwalani, ndipo kuyambira lero amene ankanamizira kuiwala asowa pobisala.

Ine mwana wanu Eirlys, m'malo mwa Nesta, Lowri ndi banja lonse la a Prosser.